Apongozi akubwera Loweruka, nsima ya mapira ndi mlamba ndiziika bwanji kuti zioneke bwino?

Make Tadala (Nchalo): Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi nkhani yanga, mundithandize nzeru. Loweruka likubwerali apongozi anga aakazi akubwera kuchokera ku Zomba limodzi ndi alamu anga awiri. Chikwatiwireni sanapondepo pakhomo panga. Atumiza mawu kudzera mwa mwana wawo kuti ndisavutike ndi mpunga kapena nkhuku, iwo akufuna adzalawe nsima ya mapira ndi mlamba poti amangomva mbiri yake. Kuphika ndimatha, mayi anandiphunzitsa. Chikundisowetsa tulo ndi maonekedwe. Nsima ya mapira ndi yodera, mlamba wowamba ndi wakuda, msuzi wake nawonso wodera. Dzulo ndinayesera, koma nditaika patebulo zonse zinangooneka mtundu umodzi ngati dothi la makande, mpaka mtima unandiwawa. Nditani kuti munthu akangovundukula mbale malovu adzadze mkamwa?

Make Pemphero (Nkhate): Asisi, ingosakanizani ufa wa mapirawo ndi ufa woyera theka ndi theka, nsima iwalako. Ine ndimatero alendo akabwera.

Anaphiri (Ngabu): Ayi mwanawe, Make Pemphero, apo ndikukana. Munthu wakwera basi kuchokera ku Zomba, watsika mapiri onse aja mpaka pa Thabwa, wanena yekha chimene akufuna, ndiye ukamupatse nsima yobisa nkhope? Akafuna ufa woyera kwawo uliko wambiri. Make Tadala, mvera kuno. Ine ndaphikira maukwati, zinkhoswe ndi masadaka kuno ku Ngabu kuyambira ndili mtsikana, ndipo sindinaonepo mlendo akunyoza nsima chifukwa cha mtundu wake. Amanyoza nsima ya mibulu, nsima yong'aluka pamwamba, nsima yoomoledwa mwaulesi mtanda wina waukulu wina ngati wa mwana. Ntchito yako iyambire pa ufa. Mapira uwapete bwino, uwakonole gaga achoke, ukagayitse, ndipo ufawo uusefe kawiri ndi sefa yamaso ang'ono. Ukapeza mapira oyera ngati a mtundu wa Pilira nsima yake imawala yokha osasowa chimanga. Phala libwadamuke mokwanira usanayambe kuthira ufa, chifukwa mapira akapanda kupsa nsima imanyenyeka. Ukatha kuvundula, vundikira kanthawi pamoto wochepa kenako uvundulenso. Poomola pakhale kambale ka madzi ozizira oyera pambali, chipande uziviika mtanda uliwonse, osadumphitsa. Mtanda uutembenuzire m'mbali mwa poto kuti msana wake usalale, ndiye uutsitse m'mbale mofatsa. Yonse ikhale yofanana, yoyang'ana mbali imodzi. Nsima ya mapira yoomoledwa bwino imanyezimira, anthu inu, ngati mtsuko wokulungiza.

Make Tadala (Nchalo): Zikomo amayi. Zosefa kawiri sindimachita, ndimangosefa kamodzi. Mapira ndili nawo a mtundu wa Thengalamanga ochokera kwa mayi ku Sorgin.

Anaphiri (Ngabu): Omwewo ndi abwino. Usagulenso ena.

Chikondi (Blantyre, kwathu ku Bangula): Ndilowererepo poti ndimagwira ntchito kukhitchini ya hotelo ina kuno ku tauni. Vuto limene mwaliona asisi ndi lenileni, ndipo mankhwala ake ali m'dimba ndi pamsika pa Nchalo pomwepo. Chakudya chikakhala chodera chimafuna zinthu ziwiri pambali pake, chobiriwira ndi chofiira. Chobiriwira ndi masamba, kaya nkhwani, bonongwe, chitambe kapena kholowa. Chofiira ndi tomato wakupsa bwino, wina mu msuzi, wina wamuwisi woduladula ndi anyezi. Mukaonjeza kachidutswa ka ndimu mwapeza chikasu. Chachiwiri ndi mbale. Chakudya chodera pa mbale yodera kapena yamaluwa ambiri chimasowa. Ikani pa mbale yoyera, ngakhale yachitsulo ija ya mkombero wabuluu ndi yabwino kwambiri, bola isakhale yosupuka. Kuntchito kwathu timaika mtanda umodzi mbali ina, nsomba mbali ina, masamba pang'ono, msuzi mozungulira, ndipo mkombero wa mbale timaupukuta ndi kansalu koyera kuti pasakhale dontho. Musadzaze mbale mpaka m'mphepete, pazioneka malo.

Anti Esnati (Tengani): Chikondi mwana wanga, zamitundu ndi zopukuta mkombero ndagwirizana nazo. Koma zoti apongozi awaikire nsima ndi ndiwo mbale imodzi, mtanda umodzi, iai. Kumeneko ndi kuhotelo kumene munthu amalipira. Pakhomo ukatero wamuyezera munthu chakudya. Adzatha mtanda wakewo ndipo adzachita manyazi kupempha wina, adzagona ndi njala m'nyumba ya mwana wake. Kwathu kuno nsima imabwera m'mbale yake yovundikira, ndiwo iliyonse m'mbale yake yovundikiranso, mlendo avundukule yekha, atape yekha. Komanso msuzi ukalowa pansi pa nsima imatota, sigwirika m'manja.

Chikondi (Blantyre, kwathu ku Bangula): Anti, pamenepo mwandikonza, ndavomera. Ndimaganiza za munthu mmodzi wodya yekha. Kwa apongozi zipite m'mabakuli. Koma mfundo ya mitundu igwirabe ntchito: bakuli la masamba likhale pakati pa nsima ndi mlamba, kambale ka tomato ndi anyezi kakhale pafupi ndi nsomba. Akavundukula zonse diso liziyenda kuchoka pa chodera kupita pa chobiriwira kenako chofiira.

Bambo a Madalitso (Chiromo): Amayi, pepani ndilowe m'khitchini mwanu pang'ono, poti nsombazo timagwira ndi kuwamba ndife. Mlamba kuti uoneke bwino m'mbale zimayambira pogula. Musatenge wakuda bii wopserera, umenewo anauwamba ndi moto wolilima mothamangira msika, kunja kwapsa mkati simunaume. Wabwino amakhala wofiirira monyezimira, khungu lake losang'ambika, ukaununkhiza umamva utsi wokha basi. Muugogode pachikhatho, ngati mukutuluka ufa kapena tizilombo musiyeni. Wopinda ngati nkhata uja, mchira wolowa kukamwa, ndiye amakongola m'mbale mukamuphika osamuthyola. Sankhani apakatikati anayi kapena asanu ofanana kukula m'malo mwa chimodzi chachikulu choti muzichidula. Kunyumba muwaviike m'madzi ofunda pang'ono mchenga ndi mwaye zichoke. Ndipo chonde, mlamba wowamba savundula ndi mthiko. Mukangolowetsa mthiko zonse zimasanduka nyenyeswa ndi minga. Gwirani poto m'makutu muzigwedeza.

Make Tadala (Nchalo): Achimwene, apa ndiye mwandigwira. Dzulo ndinavundula, ndipo zinaterodi.

Bambo a Madalitso (Chiromo): Musadandaule mlongo. Mukafuna wauwisi mundiuze, koma ameneyo ali ndi ntchito yake, kuchotsa kuterera kuja ndi phulusa kapena madzi otentha mpaka khungu limveke kukhakhala. Ndikanakhala ine ndikanaonjezapo makakana awiri okazinga, nsomba zonga chambo, poti alendo a ku Zomba anazolowera chambo, aone kuti nafenso m'Shire muno ndi m'dambo tili nayo yathu. Muwacheke m'mbali mizere itatu, mchere ulowe, muwasiye aume madzi, mafuta atenthe kaye, ndipo musafulumire kutembenuza. Nsomba ikapsa mbali imodzi imadzichokera yokha pachiwaya, mukaikakamiza khungu limatsalira.

Anaphiri (Ngabu): Za msuzi palibe wanenapo. Make Tadala, msuzi uukonze padera. Kazinga anyezi afiire pang'ono, thira tomato wambiri wosenda makungu, umusiye apse mpaka mafuta ayambe kuonekera pamwamba ofiira. Pamenepo ndi pamene ugoneke mlamba wako, madzi pang'ono, moto wochepa. Ukaika zonse pamodzi m'madzi ambiri kuyambira pachiyambi, utsi wa nsomba umadetsa msuzi wonse, ndiwo mtundu wa makande umene ukunenawo. Popakula yamba watulutsa nsomba imodziimodzi ndi chipande chophwatalala, uziyale m'bakuli mitu kuyang'ana mbali imodzi, msuzi uthire pambuyo, ufike theka la nsomba osati kuimiza. Misana izioneka.

Joseph (Makhanga): Ine ndikuwerenga koma mtima sukundilola kukhala chete. Anthu kuno ena akudya nyika, mizu ya zomera za m'madzi a m'dambo, akulimbana ndi ng'ona kuti ana agone atadya kanthu. Chigwereni namondwe wa Freddy mu 2023 ena sitinabwererenso mwakale. Ndiye ife tili pano kukambirana zopukuta mkombero wa mbale? Chakudya ndi chakudya, chikalowa m'mimba ndi chimodzimodzi.

Make Pemphero (Nkhate): Achimwene a Joseph, zimene mukunena ndi zoona, palibe angatsutse. Koma mlongo wathuyu wangofunsa za alendo ake.

Anti Esnati (Tengani): Joseph, ndikuyankhe ine amene ndinakhalapo pa kampu, osati kamodzi. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anatitengera zonse, mbale, mapoto, mphasa, mbuzi. Tinakhala pa sukulu ina miyezi. Tinkalandira ufa ndi nandolo kapena nyemba, tsiku ndi tsiku zomwezo. Panali mayi wina wachikulire, anamwalira tsopano, amene anapulumutsa chipande chake chokha atachimangirira m'chiuno. Mayi ameneyo ankaomola nsima ya ana ake ndi adzukulu mosalala ngati ya paukwati, pa chivundikiro cha ndowa chimene ankachikwecha ndi mchenga mpaka kuwala. Nandolo ankaika m'kachitini padera, pamwamba n'kuikapo timasamba ta cham'mwamba tothyola pa mtengo wa pasukulupo. Ena tinkangopakula mwachisawawa poti mitima inali itasweka. Koma ana athu ankathawira kukadya kwa iye, chonsecho ufa ndi womwewo, nandolo ndi yemweyo. Tsiku lina ndinamufunsa chifukwa chake amadzivutitsa. Anati madzi atenga nyumba, koma ana asaone ngati asanduka ziweto zongoponyeredwa chakudya. Mawu amenewo anandilowa, ndipo kuyambira tsiku limenelo nanenso ndinayamba kukwecha chivundikiro changa. Ndiye usaone ngati nkhani iyi ndi ya anthu okhuta okha. Ngakhale nyika zimene ukunenazo, pali wozipereka zosenda bwino m'lichero loyera ndi wozikhuthula pansi.

Joseph (Makhanga): Anti, ndamva. Ndinalankhula ndi mtima wowawa, Make Tadala mundikhululukire. Mayi anga nawonso amatero, ngakhale ndiwo zikhale therere lokha amafuna mbale yake yotsuka bwino.

Make Tadala (Nchalo): Palibe mlandu achimwene. Tonse kuno madziwo anatikhudza. Mulungu akulimbitseni kumeneko.

Linda (Makhuwira): Ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi, ndiye ndiikepo za kutentha. Mwezi uno wa Okutobala kuno kuchigwa dzuwa limapitirira madigiri 40, ndipo chakudya sichichedwa kusasa. Kukongoletsa kusakuchedwetseni mpaka ndiwo zikhale patebulo maola. Masamba otendera ndiwo amayamba kuonongeka, choncho aphikeni komaliza. Tomato ndi anyezi wamuwisi mumutsuke ndi madzi aukhondo, owiritsa kapena othira klorini, mumudule alendo atakhala kale pansi, ndipo mpeni ndi thabwa zisakhale zimene munadulira nsomba. Mukamudula m'mawa pofika masana amakhala atalira madzi, wafota, ntchentche zamuzungulira. Chilichonse chivundikiridwe. Posamba m'manja musazungulitse beseni limodzi kuti onse aviikemo, tinaona mmene kolera inatisautsira mu 2022 ndi 2023. Tengani jagi, sopo ndi beseni lolandirira madzi, muwathirire mmodzimmodzi kuyambira apongozi. Ndi ulemu, ndi ukhondo, ndipo zimaoneka bwino.

Make Pemphero (Nkhate): Nanga masamba kuti akhalebe obiriwira mumatani? Anga amatuluka akuda ngati mfutso ngakhale ndawathyola m'mawa womwewo. Ena amati uziika soda.

Chikondi (Blantyre, kwathu ku Bangula): Soda amabiriwitsadi koma masamba amafewa mopitirira, amaterera, ndipo a zaumoyo amati amaononga mavitamini ena. Sodayo, ngakhalenso chidulo, musiyireni therere. Masamba amada chifukwa chokhalitsa pamoto ndi kuvundikira nthawi yaitali. Madzi akhale ochepa, awire kaye ndi mchere, ndiye muponyemo masamba, moto ukhale wamphamvu. Bonongwe ndi kholowa mphindi zochepa zakwana. Nkhwani muuchotse ulusi wake bwinobwino ndi kudula mopyapyala mofanana, zimapsa msanga. Ndimu musathire mumphika chifukwa zowawasa zimafwifwitsa masamba, aliyense adzifinyira yekha m'mbale. Tomato wa m'masamba muike mochedwa kuti tizidutswa tofiira tizionekabe.

Linda (Makhuwira): Za soda wanena zoona Chikondi. Ndiponso mbale ya mitundumitundu imene mukukambiranayi ndi yomwe ija timaphunzitsa ya magulu 6 a zakudya. Nsima, nsomba, masamba, nsinjiro, mafuta pang'ono, kwatsala chipatso.

Anti Esnati (Tengani): Chipatso chisavute. Mango ayamba kupsa kuno pamene ku Zomba akadali aawisi, awasende awadule aike m'mbale yoyera. Kapena aviike malambe kapena bwemba, asefe bwino, shuga pang'ono, aike mu jagi yagalasi. Anthu ochokera kozizira akafika kuno chimene amayamba kufuna ndi chakumwa.

Anaphiri (Ngabu): Pali chinthu china chimene ndikuchiona masiku ano pa maphwando ndipo sichindisangalatsa, kukulunga mitanda ya nsima m'timapepala ta pulasitiki topyapyala. Amati isaume. Nsima imatuluka thukuta m'menemo, imamata, fungo la pepala limalowa, ndipo mlendo amayamba ntchito yosenda chakudya ngati wagula pamsika. Make Tadala usachite. Ukaomola, isiye nsima ipume nthunzi pang'ono ndiye uvundikire, ukafulumira madzi a pachivundikiro amadonthera pa mitanda n'kuichititsa mawanga. Uli ndi kansalu koyera kochapa bwino ukhoza kuyala pamwamba pa bakuli usanaike chivundikiro, kamamwa nthunzi. Ndipo nsima ikhale yomaliza kuphikidwa, alendo atafika, atasamba, atamwa madzi. Ya mapira ikazizira imalimba.

Bambo a Madalitso (Chiromo): Funso langa ndi lakuti adyera pati? Patebulo kapena pamphasa?

Make Tadala (Nchalo): Tebulo tili nalo laling'ono koma m'nyumba masana simukhalika, malata amatentha. Ndimaganiza za pakhonde kapena pansi pa mtengo wa nimu uli kuseri.

Anti Esnati (Tengani): Pansi pa nimu pomwepo. Usese m'mawa, uwaze madzi fumbi ligone, uwazenso alendo ali pafupi kufika. Yala mkeka watsopano kapena mphasa yoyera, pakati uyalepo chitenje chimodzi chosachuluka maluwa, mabakuli akhale pamenepo. Nkhuku ndi agalu zitsekeredwe. Koma uyambe wafunsa mwamuna wako ngati mayi ake amatha kukhala pansi, ena mawondo anawatha. Ngati satha, tulutsa katebuloko ndi mpando. Alamu ako aamuna adya ndi m'bale wawo padera kapena onse pamodzi, zimenezo akuuze mwini wake amene akudziwa chikhalidwe cha kwawo. Ukabweretsa chakudya ugwade, uike, unene mawu ochepa, usaime pamutu pawo kuyang'anira mmene akudyera.

Chikondi (Blantyre, kwathu ku Bangula): Kanthu kamodzi kakang'ono. Tsabola wa kambuzi musaike mumphika poti simukudziwa ngati amadya. Ikani atatu kapena anayi athunthu pa kasosala ndi mchere pang'ono ndi zidutswa za ndimu. Kasosala kameneko kokha kamadzutsa mphasa yonse. Chitowe chokazinga chilipo chambiri kwathu kuno, mukawaza pang'ono pamwamba pa masamba chimaoneka bwino ndipo chimanunkhira.

Anaphiri (Ngabu): Zachitowe pamasamba sindinazionepo, ife timasinja n'kutendera. Koma ndiyesa. Nkhuku nayo usaisiye ngakhale akana, Make Tadala. Mlendo wotere sabwerera osamuphera nkhuku. Masana adye mlamba wawo, madzulo kapena Lamulungu nkhuku yachikuda, ziwalo zonse zikwane m'mbale, nthutumba ikhale pamwamba poonekera. Ikasowa nthutumba, kukongoletsa kwako konse kwapita m'madzi.

Make Tadala (Nchalo): Ndalemba zonse m'kope. Mawa ndipita kuchigayo. A Bambo a Madalitso, mungandipezere milamba isanu ija yofanana? Ndituma mwana wa achemwali amene amayenda ndi minibasi ya ku Bangula.

Bambo a Madalitso (Chiromo): Ndisankha ndekha. Lachisanu m'mawa ikhala ili pa Bangula.

Make Tadala (Nchalo): Mwadzuka bwanji abale anga. Ndabwera kudzapereka lipoti, alendo anyamuka lero m'mawa. Loweruka anafika cha m'ma 11 atatopa ndi kutentha, ndinayamba ndi madzi a bwemba ozizira, anamwa makapu awiri. Nsima ndinaomola mitanda 12, iwiri yoyambirira sinasalale ndiye ndinaibweza mumphika n'kuyambanso. Mlamba sunathyoke ngakhale umodzi, ndinangogwedeza poto monga munanenera. Masamba ndinaphika nkhwani, theka lotendera theka la tomato. Chimene chinandivuta ndi makakana, imodzi khungu linatsalira pachiwaya poti ndinafulumira, ndiye ndinaigoneka mbali yosupukayo pansi n'kuikapo anyezi. Apongozi atavundukula bakuli la nsima anakhala kaye chete, kenako anaitana mwana wawo wamkazi nati taona mmene amaomolera anzako. Anadya mitanda itatu. Mlamu wanga wamng'ono anajambula mphasa yonse n'kutumiza kwa abale awo. Ndinalira pang'ono kukhitchini, sindibisa.

Anti Esnati (Tengani): Takhuta mwana wanga, watiyeretsa kumaso a kuchigwa tonse.

Joseph (Makhanga): Zasangalatsa mlongo. Chithunzicho tiponyereni tione.

Anaphiri (Ngabu): Nanga nthutumba?

Make Tadala (Nchalo): Inali pamwamba amayi, anaitenga okha. Apempha ufa wa mapira wopita nawo, ndawapatsira ndowa yaing'ono. Koma akuti chipande chawo ndi chakuya kwambiri, sichitulutsa mtanda ngati wanga, ndiye akufuna ndiwagulire cha kuno. Changa ndinapatsidwa ndi mayi pa ukwati. Alipo akudziwa amene akusema zipande zabwino, pa Dyeratu kapena pa Ngabu?

Anaphiri (Ngabu): Pa msika wathu pali bambo wina amakhala chakumapeto kufupi ndi ogulitsa mphasa. Ndikakusankhira ndekha, uniuze kukula kwake poyerekeza ndi chikhatho chako.